Mafunso a Owerenga pa Zamalonda: Mpamba Wanga Ukuthera Kuti?

Makalata amene tasankha mwezi uno achokera ku Mabvuku, ku Glen View, ku Highfield ndi ku Mbare. Monga mwa nthawi zonse, tawafupikitsa ndipo mayina a eni ake tawasunga.

Funso: Alangizi, ine ndine mayi wa ana anayi ndipo ndili ndi kagolosale pakhomo panga ku Mabvuku. Anthu amagula ndithu, moti pofika madzulo miyendo imakhala itawawa ndi kuimirira, koma chondidabwitsa n'chakuti katundu akungocheperachepera m'mashelefu. Chaka chatha ndinkaoda makatoni asanu a mafuta ophikira nthawi imodzi, lero ngakhale atatu akundivuta. Akuba sanandithyolerepo, ndipo amene amandithandiza kugulitsa ndi ana anga omwe. Anzanga ena akuti ndi chitaka. Kodi ndalama zanga zikupita kuti?

Yankho: Mayi, zikomo polemba mosabisa, ndipo pepani ndi nkhawa imene muli nayo. Nkhani ya chitaka ndaimva kwa amalonda ambiri, ndipo sindikuderani poitchula, pakuti munthu akamaona ndalama zikusowa chitseko chili chokhoma, mtima umafunafuna womuloza chala. Komabe ndikupempha kuti musanakayikire mnansi aliyense, muyambe mwafufuza pa kauntala panu pomwepo, chifukwa magolosale ambiri apakhomo amadyedwa ndi eni ake, pang'onopang'ono, mosadziwa ndiponso popanda cholinga choipa.

Taganizirani tsiku limodzi lokha. M'mawa mwana atenga buledi pa shelefu woti amwere tiyi, wina apempha ya kombi yopitira kusukulu ndipo inu mutapa m'kabokosi ka ndalama, masana mafuta atha kukhitchini ndipo mutsegula botolo la m'golosale, madzulo mayuniti a magetsi a ZESA atha ndipo mugula ena ndi ndalama za pa foni zimene analipira makasitomala. Palibe chachikulu pa zonsezi, koma zikamakwana madola 3 patsiku, pamwezi ndi madola 90. Tsono tinene kuti pa dola iliyonse imene mwagulitsa mumapindula masenti 10, pakuti katundu wothamanga ngati shuga, ufa ndi mafuta sakhala ndi phindu lalikulu; ndiye kuti muyenera kugulitsa katundu wa madola 900 kuti mungobweza zimene banja ladya. Mukapanda kufika pamenepo, chimene chadyedwa si phindu ayi koma mpamba weniweniwo, ndipo umu ndi mmene makatoni asanu amasandukira atatu.

Choyamba kuchita ndi kudziwa kukula kwa mpamba wanu lero lino. Sankhani tsiku, mutseke msanga, muwerenge katundu yense mmodzimmodzi, kuyambira matumba a ufa mpaka mabokosi a machesi, ndipo aliyense mumulembe pa mtengo umene munaodera, osati umene mumagulitsira. Muwonjezerepo ndalama zili m'kabokosi, za pa foni ndi ngongole zimene muli ndi chikhulupiriro kuti zibwezedwa, kenaka muchotsepo zimene inuyo muli nazo kwa ena. Nambala imene yatsalayo ndiyo golosale yanu. Mwezi ukatha mubwerezenso. Ikakwera ndiye kuti mukukula, ikatsika ndiye kuti pena pakudontha, ngakhale pa kauntala anthu azichita kukankhana.

Chachiwiri, dzilembeni ntchito nokha. Ndikutanthauza kuti mudziikire malipiro a pa sabata amene golosale ingakwanitse, muziwatenga tsiku limodzi lodziwika, ndipo zofuna za pakhomo zonse zizichokera mmenemo. Mwana akafuna buledi, mumpatse ndalama ya m'chikwama chanu akaponye m'kabokosi ngati kasitomala wina aliyense. Masiku oyamba ana adzadabwa, mwinanso bambo a kunyumba adzang'ung'udza, koma ine ndimaona kuti palibe phunziro la malonda limene mungawapatse anawo loposa limeneli. Gulani kope lachikuto cholimba, mulimangirire ndi chingwe pa kauntala pamodzi ndi cholembera, ndipo chilichonse cholowa ndi chotuluka chizilembedwa nthawi yomweyo ndi amene wachigwira.

Pali vuto lina limene ife amalonda a ku Zimbabwe kuno tili nalo, la ndalama ziwiri. Chiyambireni ZiG, ndalama ya dziko la Zimbabwe, mu Epulo 2024, m'kabokosi kamodzi mumakhala madola a ku America ndi ndalama ya dziko lino, ndipo mphamvu zake sizifanana nthawi zonse. Mukukumbukira kuti pa 27 Sepitembala 2024 banki yaikulu ya dziko lino inatsitsa mphamvu ya ZiG, moti dola imodzi inachoka pa ZiG pafupifupi 14 kufika pa 24 tsiku limodzi. Amene anagulitsa mafuta dzulo lake n'kugona ndi ZiG anadzuka ndalamazo zitalephera kugula botolo limene anagulitsa, ndipo akuluakulu amene anaona ndalama ya dziko lino ikutheratu mphamvu mu 2008 sanafune wowafotokozera. Chifukwa cha ichi, kope lanu lizilembedwa m'ndalama imodzi, ija imene mumaodera katundu wambiri, ndipo poika mtengo musamafunse kuti ndinagula zingati, koma kuti mawa ndikaoda zingati. ZiG muziilandira, pakuti ndi ndalama yovomerezeka, koma isamagone m'kabokosi: lipirirani magetsi, madzi ndi misonkho ya kukhonsolo, kapena muodere katundu kwa amene akuilandira. Kwa osintha ndalama a m'misewu musapiteko, chifukwa apolisi akhala akumanga anthu pa nkhani imeneyi. Musaiwalenso kuti ndalama ikamayenda pa foni kudzera pa EcoCash kapena pa khadi imadulidwa, kuphatikizapo msonkho wa potumiza ndalama wa IMTT umene unafika pa 2 peresenti mu Okutobala 2018, choncho amene amapindula masenti 10 pa dola ayenera kuziwerengera zodulidwazo pa mtengo wake.

Za ngongole simunazitchule m'kalata yanu, koma sindikukayika kuti zilipo, chifukwa golosale ya pakhomo imakhala pakati pa abale, a mpingo ndi anansi. Sindingakuuzeni kuti musamakongoze konse, popeza amene mwamukaniza mchere lero ndi yemweyo adzakuthandizeni kuphika pa maliro. Ikani malire okha. Munthu mmodzi asapitirire ndalama yakutiyakuti, ngongole ilembedwe iye akuona pamodzi ndi tsiku lobweza, ndipo amene sanabweze yakale asatenge yatsopano, ngakhale akhale mlamu wanu. Chenji cha makasitomala chimene mwasunga chifukwa chosowa masenti chilembedwenso, pakuti imeneyo ndi ngongole yanu kwa iwo. Ndipo ngati simunalowe m'bungwe lothandizana pa maliro, limene makolo athu ochokera ku Malawi, ku Zambia ndi ku Mozambique analidalira kwambiri m'dziko muno, lowani, chifukwa zovuta zikagwa mwadzidzidzi dzanja limathamangira ku mpamba.

Funso: Ndine kalipentala ku Glen View Area 8. Ndinabadwira mu Harare momuno, koma bambo anga anachokera ku Dedza nthawi ya chitaganya, ndipo chitupa changa chinalembedwa kuti ndine mlendo. Sukulu ina yoyima payokha ikufuna madesiki 60, koma akuti ndibweretse mapepala a kampani, tax clearance (kalata yosonyeza kuti za misonkho yanga zili bwino) ndi akaunti ya kubanki ya bizinesi. Anzanga akundiopseza kuti kulembetsa kampani ndi kudziitanira a ZIMRA, otolera misonkho, pakhomo. Kodi ndilembetse, kapena ndibwereke mapepala a mnzanga amene ali nawo kale?

Yankho: Bambo, mapepala a mnzanu musabwereke. Ndalama zidzalowa mu akaunti yake, dzina limene sukuluyo idzalidziwe ndi lake, ndipo tsiku limene mudzasemphane mawu simudzakhala ndi umboni uliwonse wakuti madesikiwo anatuluka m'manja mwanu. Mudzakhala mutamangira wina mbiri ndi thukuta lanu.

Yambani ndi chitupa, chifukwa china chilichonse chitsamira pamenepo. Malamulo oyendetsera dziko lino a 2013, pa gawo 43, amanena kuti munthu amene anabadwira mu Zimbabwe malamulowo asanasindikizidwe, amene kholo lake limodzi kapena onse awiri anali nzika za dziko la m'bungwe la SADC, ndipo iye ankakhala m'dziko muno pa nthawiyo, ndi nzika ya Zimbabwe mwa kubadwa. Malawi ali mu SADC, choncho monga mwafotokozeramu gawo limeneli likukukhudzani. Tengani kalata yanu ya kubadwa, chitupa chakalecho ndi mapepala a makolo amene mungawapeze, mupite ku ofesi ya kalembera ku Makombe Building kapena ya m'dera lanu kuti akusinthireni. Zimandipweteka mtima kuona anthu athu ambiri ku Mufakose, ku Tafara ndi ku Epworth akuyendabe ndi chitupa cha mlendo m'dziko limene anabadwiramo, chikhalirecho lamulo linawatsegulira khomo kalekale. Pa malonda nkhaniyi ndi yaikulu, chifukwa lamulo linasungira nzika zokha mabizinesi ena, monga kugulitsa m'masitolo, kumeta ndi kukonza tsitsi, kuphika buledi ndi kunyamula anthu.

Chitupa chikakonzeka, lembetsani bizinesi. Pansi pa lamulo la Companies and Other Business Entities Act, limene linayamba kugwira ntchito mu 2020, pali mtundu wa kampani wotchedwa Private Business Corporation, mwachidule PBC, umene unakonzedwera mabizinesi aang'ono ngati yanu. Munthu mmodzi akhoza kuilembetsa yekha, mamembala sapitirira 20, ndipo zofunika zake n'zopepuka poyerekeza ndi kampani yaikulu. Mukatero mulembetse ku ZIMRA kuti mupatsidwe nambala ya msonkho ya TIN, mutsegule akaunti ya kubanki m'dzina la bizinesi, ndipo mupemphe tax clearance, imene ena amaitchula kuti ITF263.

Anzanu sakunama kotheratu, ndipo sindifuna kukubisirani. Mukalembetsa, mudzayenera kumapereka malipoti a msonkho pa nthawi yake ngakhale mwezi umene simunagulitse mpando ndi umodzi womwe, ndipo kuchedwa kuli ndi chindapusa. Koma onaninso mbali inayo. Kuyambira mu Januwale 2022, bungwe lolembetsedwa likamalipira munthu wopanda tax clearance ndalama zofika pa mlingo woikidwa ndi lamulo, limayenera kudula 30 peresenti n'kuitumiza ku ZIMRA. Tinene kuti desiki imodzi mwaitchaja madola 40. Madesiki 60 ndi madola 2,400, ndipo odulidwa ndi madola 720, ndalama imene mwina ndiyo ya matabwa, misomali, guluu ndi vanishi. N'chifukwa chake makampani ambiri safuna n'komwe kuchita malonda ndi munthu wopanda pepalali. Za VAT, msonkho woonjezera pa mtengo wa katundu, zisakuopseni msanga, popeza kulembetsa kwake kumakakamizidwa malonda a pachaka akafika pa mlingo wina, umene mu Januwale 2024 unaikidwa pa madola 25,000. Mlingowu umasinthidwa ndi bajeti ya boma, choncho muziutsimikiza ku ZIMRA chaka ndi chaka. Mukadzafuna kugulitsa ku nthambi za boma, kumeneko kudzafunikanso kulembetsa ku PRAZ, bungwe loyang'anira kagulidwe ka katundu m'boma.

Maganizo anga ndi akuti ngati cholinga chanu ndi kumangogulitsa sofa imodziimodzi kwa odutsa, mapepalawa akhoza kukulemerani, koma ngati mukufuna masukulu, matchalitchi ndi maofesi, palibe njira ina yolowera. Mukapatsidwa ntchitoyo, pemphani kalata ya oda yolembedwa bwino, yonena chiwerengero, muyeso, mtundu wa matabwa, tsiku lopereka ndi tsiku lolipira, ndipo mupemphe dipoziti yokwanira kugula zipangizo. Dipozitiyo ndi ya madesiki, si ya lendi kapena fizi. Pomaliza, inu mukudziwa kuposa ine kuti moto wakhala ukusakaza Area 8 mobwerezabwereza, choncho madesiki amene atha musawaunjike pa shedi kudikira kuti onse 60 akwane. Gwirizanani ndi sukuluyo kuti muzikapereka m'magulu, khumi kapena makumi awiri nthawi imodzi, aliyense akusayinira zimene walandira.

Funso: Ndine mtsikana wa ku Highfield ndipo ndikufuna kuyamba kuitanitsa mpunga wa Kilombero kuchokera ku Malawi, chifukwa anthu a kwathu kuno amaufuna kwambiri. Mpamba ndilibe, koma wina walonjeza kundibwereka madola 500 kuti ndibweze 650 mwezi ukatha, ndipo akufuna pasipoti yanga ngati chikole. Kodi nditenge?

Yankho: Chemwali, musatenge. Ameneyo ndi katapila, amene anzathu achishona amamutcha chimbadzo, ndipo chiwongoladzanja chake ndi 30 peresenti pamwezi. Kuti mungobweza ngongoleyo, mpunga wanu uyenera kugulidwa, kunyamulidwa, kuoloka malire, kugulitsidwa wonse ndi kulipiridwa wonse m'masiku 30, n'kupindula madola 150 inu musanaonepo ngakhale senti. Mpunga wa Kilombero umalimidwa ku Karonga, kumpoto kwenikweni kwa Malawi, ndipo kuti ufike kuno uyenera kudutsa pa Mwanza ndi Zobue, kuoloka Zambezi ku Tete, n'kudzalowera pa Nyamapanda. Paulendo wotere kuchedwa kwa masiku angapo si chachilendo, ndipo makasitomala anu ambiri adzati tidzalipira kumapeto kwa mwezi. Pasipoti kapena chitupa musapereke kwa munthu ngati chikole, ngakhale atalankhula mokoma chotani. Nanga malirewo mukaoloka ndi chiyani?

Ganizo lanu la malonda ndi labwino, chofunika ndi kulisandutsa manambala. Lembani mtengo wa thumba la makilogalamu 50 kumene mukagule, wonyamulira, wa zilolezo, wa timatumba topakiramo, ndi makilogalamu amene amatayika popima pang'onopang'ono. Zokolola zakumunda zimafuna zilolezo za unduna wa zaulimi polowa m'dziko muno, ndipo mbali ya Malawi ilinso ndi malamulo ake otulutsira mbewu, choncho mufunse zonsezi musanalipire thumba ndi limodzi lomwe. Mufunsenso pa chipata cha malire za ndondomeko ya COMESA, bungwe la zamalonda la mayiko a kum'mawa ndi kummwera kwa Africa, yopeputsira amalonda aang'ono, imene imakhudza katundu wosapitirira mtengo woikidwa amene ali pa mndandanda umene mayiko awiriwa anagwirizana.

Mpamba woyamba ufunefuneni kwa ogula enieniwo. Pitani kwa amayi a kumpingo ndi kwa anansi amene mukuti amaufuna mpungawo, mulembe maoda, ndipo amene ali otsimikiza aperekeko theka. Pamenepo mudzadziwa ngati akuufunadi kapena amangouyamikira pakamwa. Lowaninso m'chipereganyu cha anthu amene mumawadziwa kumene amagona. Mukayenda maulendo angapo aang'ono, kope lanu likusonyeza zolowa ndi zotuluka, mudzakhala ndi choonetsa ku Zimbabwe Women's Microfinance Bank kapena ku EmpowerBank, mabanki amene anatsegulidwa mu 2018 kuti azithandiza amayi ndi achinyamata, kapenanso ku SMEDCO, bungwe la boma lokongoza mabizinesi aang'ono. Ngakhale kumeneko, mufunse ndalama yonse imene mudzabweze, kuphatikizapo zolipira zina, musanasayine.

Funso: Ndimawotcherera mageti ndi mafelemu a mawindo ku Siyaso, ku Mbare. Ndinatenga mwana wa mlongo wanga kuchokera ku famu ina ya ku Mazowe kuti aphunzire ntchito. Amadya ndi kugona kwathu, ndipo ndimamupatsa kangachepe ntchito ikayenda bwino. Tsopano ndamva kuti ndikachokapo amalandira timaoda take n'kumagwiritsa ntchito makina ndi zitsulo zanga. Ndimuthamangitse?

Yankho: Bambo, monga malume ake munachita bwino kumutenga, ndipo zimene akuchitazo n'zolakwika. Koma musanamubweze ku famu, vomerezani kuti mnyamata amene wafika poti makasitomala akumukhulupirira ndi oda salinso wophunzira chabe, ndi mmisiri, ndipo mmisiri wosadziwa kuti mwezi ukatha alandira zingati amadzipezera yekha malipiro. Chakudya ndi pogona ndi za chibale, pamene ntchito ili ndi mtengo wake.

Khalani naye pansi, pakhalenso wamkulu wina wa kubanja monga mboni, mumuuze zimene mwamva ndipo mumumvere mbali yake. Mukagwirizana kupitiriza, mulembe pa pepala malipiro ake a pamwezi, nthawi yogwira ntchito, ndi gawo limene azilandira pa oda iliyonse imene wabweretsa yekha, kuti m'malo mobisa makasitomala aziwakokera ku shedi yanu. Oda iliyonse izilembedwa m'buku la malisiti, zitsulo ndi ndodo zowotcherera ziziwerengedwa Lolemba m'mawa ndi Loweruka madzulo, iye ali pomwepo. Dziwaninso kuti pamaso pa lamulo la ntchito mbale ndi wantchito ngati wina aliyense: malipiro ochepetsetsa a ntchito iliyonse amaikidwa ndi bungwe la NEC la ntchitoyo, mmene mumakhala oimira olemba ntchito ndi antchito, ndipo ku NSSA, bungwe la boma loona za penshoni ndi ngozi za pa ntchito, wolemba ntchito amapereka 4.5 peresenti ya malipiro, wantchito naye 4.5 peresenti. Pa ntchito ya moto, magetsi ndi galainda ngati yanuyi, kumulembetsa ku NSSA kudzakutetezani nonse awiri tsiku limene ngozi idzagwe, ndipo magalasi otchinga maso ndi magolovesi mumugulire ndinu. Mumupatse miyezi itatu pa mgwirizano watsopanowu, ndipo akadzapezekanso akubisa oda, mudzamumasule mwamtendere, mlongo wanu atamva kale kuchokera kwa inu zonse zimene munapangana.